ZA MADZI OTURUKA PANSI NDI MACHENJEZEDWE ACHE

Mau amene ananena mmodzi wa ife, kalaliki wa pa munda wa tiyi, pa msonkhano wa Bungwe wa mwezi wa October. Asindikizidwa kuti Mafumu awawerengetse m'midzi mvula isanayambe.

Wapampando, inu Mafumu a Ndodo, Magulupu ndi Anyakwawa, ndi inu nonse abale a Bungwe lathu, amuna ndi akazi: ndiyamika kuti mwafika, ena kuchokera kutali ku Thekerani ndi ku Masambanjati, pa miseu imene tonse tidziwa makhalidwe ache. Ndiyamba ndi kupepesa, pakuti si mwambo wathu kuti mwana aimirire kulankhula akuru ache ali chikhalire. Koma Wapampando anandilembera kalata kuti ndinene, ndipo mau a akuru sabwezedwa. Ine sindiri munthu wophunzira. Sukulu yanga inathera pa Standard 6 ku mishoni, ndipo nchito yanga zaka zonsezi ndiyo kulemba maina a othyola tiyi ndi kulemera kwa masamba ao. Koma pamodzi ndi nchito imeneyo anandipatsa kanchito kena kamene anzanga a mu ofesi sakasirira: m'mawa uli wonse, nthawi ya 8 koloko, ndipita pa kapinga wa kuseri kwa ofesi pamene paima choyesera mvula, nditsanulira madzi ache m'galasi la mizere, ndi kulemba chiwerengero chache m'buku. Buku limenelo ndilo landiimika pamaso panu lero, ndipo mudzamva posachedwa kuti sindinabwere kudzitama nalo.

Palibe mmodzi m'nyumba muno amene asowa womkumbutsa za mwezi wa March 2023. Namondwe uja anamucha Freddy anabadwira kutali pa nyanja kufupi ndi dziko la Australia kumayambiriro a February, naoloka nyanja yonse ya India, nakantha Madagascar ndi Mozambique, nabwerera ku nyanja monga wotsazika, nadzalowanso pa Quelimane tsiku la 11 March. Anakhala masiku 36, ndipo odziwa za nyengo anena kuti m'mabuku ao mulibe namondwe wina amene anakhalitsa chotero. Ku Nkhulambe ku Phalombe anayesa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku 4, ndiyo mvula imene malo ambiri a dziko lino aiona pa chaka chathunthu. Pa 13 March Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 10 a kum'mwera agwa m'tsoka, ndipo Thyolo anali m'kati mwao. Powerenga pambuyo pache Boma linapeza akufa 679, osowa 537, ndi anthu oposa 650,000 ochotsedwa m'nyumba zao.

Tsono ndinene chilungamo, pakuti sitipindula kanthu ponamizira Boma: chenjezo linafika. A ofesi ya Zanyengo ku Blantyre ananeneratu pa wailesi masiku angapo namondwe asanalowe, ndipo sukulu zinatsekedwa. Tinamva ndi makutu athu. Koma wailesi ilankhula ndi chigawo chonse nthawi imodzi. Iti, kudzagwa mvula yambiri kum'mwera, chokani m'mbali mwa mitsinje. Ndipo munthu wokhala pa mtunda wa Thyolo, amene mtsinje auona pansi kutali ngati kachingwe, pakumva mau amenewo angoti, awa ndi mau a anthu a ku Nsanje, nakoka bulangete lache. Anthu a ku Chilobwe ku Blantyre sanaphedwe ndi mtsinje wa Shire iai. Anaphedwa ndi phiri la Soche limene linali kuseri kwa nyumba zao. Momwemonso a ku Ntauchira ku Chiradzulu. Wailesi sidziwa kuti ndi phiri liti lakhuta madzi, kapena ndi nyumba iti imene yaima pa kasupe wakale. Zimenezo zidziwika ndi eni mudzi okha, ndipo ndizo ndifuna kuti tikambirane.

Pakuti madzi oononga ali a mitundu iwiri. Alipo madzi oyenda pamwamba, amene tonse tiwaona ndi kuwamva, a mtsinje wodzala ndi a m'khwawa. Ndipo alipo ena oyenda pansi pa nthaka, osaoneka ndi osamveka. Dothi lathu la katondo, lomwe lija lokondedwa ndi tiyi, ndi lakuya, ndipo pansi pache pagona thanthwe. Mvula ikagwa, madzi ena athamangira ku mtsinje, koma ena alowa m'dothi natsika kufikira apeza thanthwe losabooka, naunjikana pamenepo. Madzi a pansiwo ali ndi mulingo wao umene ukwera ndi kutsika monga mwa nyengo, ndipo mulingo umenewo tiuona m'chitsime: mu October chingwe chitalika, mu March chifupika. Mulingowo ukakwera kufikira pamwamba, madzi aturuka paliponse apeza njira. Pa malo a chidikha abwera kupyolera pansi pa nyumba, nafewetsa maziko, ndipo khoma la zidina ligwa denga lache lisanadonthe ndi dontho limodzi. Zimbudzi zidzala, ndipo zonyansa zache zisanganikirana ndi madzi a m'zitsime. Mukumbukira kuti kolera amene anayamba mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe anatipeza nthendayo iri pakati pathu.

Koma pa malo otsetsereka bvuto lache ndi lalikuru koposa. Lolani ndikuwerengereni pang'ono, pakuti kuwerenga ndiyo nchito yanga. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa munda wa ekala imodzi, madzi ache akwana ndowa za malita 20 zoposa 20,000, ndipo kulemera kwache ndiko matani 400. Taganizani, Mafumu, katundu wotere kuikidwa pa munda umodzi wa m'mbali mwa phiri, ndipo mawa lache wina wotere, ndi mkucha winanso. Ndipo si kulemera kokha. Madziwo alowa pakati pa dothi ndi thanthwe, nachita ngati kulinyamula dothilo, kotero kuti silikangamiranso pa mwala. Pamenepo munda wonse, ndi mitengo yache ndi miyala yache, uterereka monga munthu aterereka pa katondo m'masiku a Chiperoni. Chifukwa chache mvula ya tsiku limodzi payokha sitiuza zambiri. Mvula yamphamvu ya mu November, nthaka iri ndi ludzu, ingomwedwa. Koma mvula yomweyo mu March, patapita masabata a mvumbi, ndiyo igwetsa phiri. Ndiponso madzi a pansi achedwa poyenda, kotero kuti malo akhoza kugumuka mvula italeka, anthu atayamba kuyanika zobvala zao ndi kuyesa kuti zatha.

Tsopano ndinene za ine mwini. Tsiku la Sabata, 12 March, ndinapita ku choyesera mvula monga mwa masiku onse, ndipo galasi la mizere silinakwane. Ndinatsanula, ndi kutsanulanso, ndi kutsanulanso, ndiri kuphatikiza pa kapepala konyowa. Chiyambire nchito yanga ndinali ndisanalembe chiwerengero chotere. Ndinatsegula masamba a m'mbuyo, ndinaona kuti masabata apitawo nthaka inali italandira kale mvula yambiri. Ndinadabwa, ndinaonetsa mnzanga wa ku sitolo ya feteleza, tinapukusa mitu, ndipo ndinatseka buku ndi kuliika m'kabati. Tsiku lomwelo, ku mudzi wa apongozi anga, ulendo wa ola limodzi pansi kuchokera pa ofesi, akazi anaona kuti kasupe wa m'munsi mwa minda, amene madzi ache ndi oyera chaka chonse, wasanduka wofiira. Chitsime chimene atunga ndi chingwe chachitali anali kutunga ndi chikho m'manja. M'khichini mwa mlamu wanga munaturuka kasupe pakati pa mafuwa. Iwonso anadabwa, napukusa mitu. Mlamu wanga anatenga ana ache kukagona kwa mbale wache, osati chifukwa choopa phiri, koma chifukwa panalibe pouma poyala mphasa. Usiku wa Lolemba mtunda wa kuseri kwa nyumbazo unatsika. Nyumba ya mlamu wanga inakwiririka yopanda munthu. M'nyumba yoyandikana nayo munali mai wachikulire, wosayenda bwino, amene pansi pa nyumba yache panali pouma, tinampeza Lachitatu.

Ndalingalira za usiku umenewo kawiri kawiri. Ine ndinali ndi theka la nkhani m'kabati, akazi aja anali ndi theka lina pa chitsime, ndipo panalibe munthu kapena mwambo wakuti magawo awiriwo akomane. Palibe anandiletsa kunena; koma palibenso anandiuza kuti chiwerengerocho chiri ndi nchito yina kuposa kudziwitsa Bwana za kuthira feteleza ndi kudulira tiyi, ndipo ine sindinaganize. Sindidziwiringula pamaso panu.

Makolo athu sanali osadziwa zimenezi. Iwo anati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chisamuka kunka ku nyanja ndi kuononga zonse m'njira mwache. Anyamata a sukulu aseka pakumva dzinali, ndipo inenso ndinaseka pa unyamata wanga. Koma tafunsani nkhalamba kuti Napolo asanaturuke pachitika zotani. Adzakuuzani kuti pansi pamveka kulindima, akasupe abvunduka, mtsinje uphwa mwadzidzidzi mvula iri kugwa, nthaka ing'ambika, mitengo ipendama. Zonsezi ndi zoona, ndipo akatswiri a miyala anena zomwezo ndi mau ao. Mtsinje uphwa chifukwa dothi lagwa kumtunda ndi kuutseka, ndipo chotsekacho chikaphulika palibe wothamanga kuposa madziwo. Za njoka sinditsutsana ndi munthu lero. Wokhulupirira njoka ndi wosakhulupirira, onse awiri ayenera kuthawa pa zizindikiro zomwezo. Mu December 1946 phiri la Zomba linalandira mvula ya mainchesi pafupi 28 m'masiku awiri osakwana, ndipo madzi ndi miyala zinatsikira m'tauni imene inali likulu la dziko, milato nikokoloka. Pa 10 March 1991 phiri la Michesi linatsikira pa Phalombe, nafa anthu pafupi 500, ndipo chaka chomwecho Boma linapanga lamulo lache loyamba la kukonzekera ngozi zotere. Nkhulambe wa 2023 ali m'boma lomwelo. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Ndife anthu amene tiiwala, chifukwa pakati pa 1946, 1991 ndi 2023 pabadwa mibadwo imene imanga pa malo osalala bwino, osafunsa kuti miyala ikuruikuru yobalalika pamenepo inafika bwanji.

Ndipo Thyolo wa lero si wa makolo athu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 721,456 m'boma lino. Malo abwino a chidikha ambiri ali pansi pa tiyi, makadamia ndi bulugama chiyambire masiku a thangata, ndipo anthu akankhidwira ku matsitso kumene agogo athu sakadalima ngakhale nandolo. Nkhalango ya phiri la Thyolo, imene inasungidwa zaka zambiri, inadulidwa kuyambira m'zaka za 1990, ndipo yatsala pang'ono yokha, makamaka mbali ya Satemwa. Nthochi zimene mizu yache inagwira nthaka m'makwawa a kum'mwera kwa boma lino zinatha ndi chisaka, ndipo m'malo mwache muli chimanga, chimene chisiya nthaka yamaliseche. Nkhani ya malo ndi yakale, yoposa msinkhu wa ife tonse. Sir Sidney Abrahams anabwera kudzaifufuza mu 1946, ndipo mpaka lero tiikamba. Sindiipeputsa. Koma mvula idzagwa mu December uno nkhaniyo isanathe, ndipo anthu athu adzagona pa matsitso omwewo.

Boma silinakhale chete. Chaka cha 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi m'malo mwa lija la 1991. Iripo nthambi ya DoDMA, ndipo m'midzi yambiri alipo makomiti oona za ngozi, amene ambiri awadziwa ndi dzina la VCPC. Mwa nchito yochedwa M-CLIMES, makina oyesa madzi anaikidwa pa mitsinje 21 m'maboma 8, Phalombe ndi Zomba m'kati mwache, makina amene atumiza uthenga pa lamya ndi kuliza chochenjeza mtsinje ukakwera. Nzeru yache inachokera ku mapiri a dziko la Nepal. Thyolo sanali pa mndandanda umenewo. Koma ngakhale akadakhalapo, makinawo ayang'ana mtsinje. Sayang'ana kasupe wa m'khichini mwa mlamu wanga. Akasupe ndi zitsime za boma lino ndi zikwi, ndipo palibe Boma pa dziko lapansi limene lingaike kapitao pa chiri chonse.

Ngakhale ku England, kumene ndalama siziwabvuta monga ife, anapeza chomwecho. Uliko mudzi wochedwa Hambledon m'chigawo cha Hampshire, womangidwa pa mwala wa choko umene umwa madzi. Kumayambiriro a 2014 madzi anaturuka pansi, nalowa m'zipinda za pansi pa nyumba, nayenda mu mseu waukuru wa mudziwo koposa mwezi wathunthu, ngakhale mudziwo ulibe mtsinje woyenda chaka chonse. Eni mudzi ali ndi komiti yao imene itsata mulingo wa madzi m'chitsime chakuya cha kumtunda kwa mudzi, ndi kuuza nyumba iri yonse pamene mulingowo uyandikira malire amene anaphunzira pa zigumula zakale. Mwala wao ndi wosiyana ndi wathu. Kwao madzi akwera mwa masabata, kwathu mwa masiku kapena maola. Koma nzeru yache ndi imodzi, ndipo siifuna makina a mtengo wapatali.

Chimene ndipempha poyamba ndi chingwe ndi kope. Mudzi uli wonse wa pa matsitso usankhe chitsime chimodzi chokumba pamanja, osati mjigo, pakuti mjigo ndi wotseka ndipo sitiona m'kati mwache. Pakhale chingwe chomanga mfundo zotalikirana mofanana, ndi kamwala ku mapeto ache. M'mawa uli wonse, kuyambira December kufikira April, asanayambe kutunga, munthu atsitse chingwe kuchokera pa mlomo wa chitsime kufikira kamwala kakhudza madzi, awerenge mfundo, ndi kulemba m'kope pamodzi ndi tsiku lache. Alembenso ngati kasupe wasintha mtundu, ngati waturuka watsopano, ngati wakale waphwa mwadzidzidzi, ngati paoneka mng'alu m'munda kapena chitseko chayamba kukana kutseka. Pa mng'alu akhome zikhomo ziwiri, china uku china uko, ndi kuyesa ndi kamtengo ngati zitalikirana. Ndipo pano ndinena mau amene ena sadzakondwera nao: nchito imeneyi ipatsidwe kwa akazi. Ife amuna tikonda maudindo ndi mipando ya komiti, koma sitidziwa mtundu wa madzi a kasupe wathu; mkazi afika pamenepo kusanache tsiku liri lonse la moyo wache. Ngati sadziwa kulemba, mwana wache wa sukulu alembe. Chaka choyamba kope lidzaoneka lopanda phindu, ndipo anthu adzaseka. Koma pofika chaka chachiwiri ndi chachitatu mudzi udzadziwa kuti madzi akafika pa mfundo yakuti, zimbudzi zidzala. Akafika pa yakuti, makoma ayamba kugwa.

Chachiwiri chiri kwa eni minda ya tiyi. Minda imeneyi iyesa mvula tsiku ndi tsiku chifukwa cha nchito yao, ndipo ina ndi yakale ndithu. Satemwa anayamba mu 1923. Palinso malo a kafukufuku ku Bvumbwe, ndi a tiyi ku Mimosa ku Mulanje. Ndiyesa kuti m'dziko muno mulibe boma lina limene mvula yache yalembedwa mosamala monga Thyolo ndi Mulanje, koma chuma chimenecho chiri m'makabati. Tipemphe mwaulemu kuti m'nyengo ya mvula kalaliki aloledwe kutumiza chiwerengero cha m'mawa kwa Gulupu woyandikana naye ndi kwa komiti ya ngozi, ndiponso kuti pa masiku a namondwe chiyesedwe madzulonso. Sichiri chinsinsi cha malonda. Mvula igwa poyera. Ndipo anthu ogona pa matsitsowo ndiwo omwe athyola tiyi m'mawa, kotero kuti mwini munda wanzeru sadzaona chobvuta. Tipemphenso kuti madamu a m'minda akayamba kusefukira, midzi ya kumunsi kwache imve msanga.

Wina adzafunsa kuti, nanga ndi mvula yochuruka bwanji imene tiyenera kuthawa? Ine sindidzakupatsani chiwerengero cha m'mutu mwanga, pakuti malo asiyana, ndipo chiwerengero chabodza chiopsa koposa kusowa chiwerengero. Imeneyo ndi nchito yakuti a Zanyengo ndi a ofesi ya za miyala ku Zomba akhale pansi ndi mabuku akale a mvula, ndi nkhalamba zimene zikumbukira chaka chimene mtunda wakuti unagumuka, nalinganize ziwirizo. Ife tiwaitane kupyolera mwa Bwana D.C. Kufikira atatero, tigwire lamulo ili: a Zanyengo akalengeza namondwe, ndipo chitsime chakwera koposa masiku onse, ndipo kasupe wabvunduka kapena nthaka yang'ambika, anthu a pansi pa mtunda umenewo asagonemo.

Za kaitanidwe, tisadalire lamya yokha. Pa masiku a Freddy magetsi anazima, malamya anatha moto, ndipo mauthenga ena anafika maliro ataikidwa. Ng'oma sifuna magetsi. Mfumu iri yonse ipangane ndi anthu ache kaimbidwe kamodzi, ka ng'oma, lipenga, belu la chalichi kapena chitsulo cha pa sukulu, kosiyana ndi ka maliro ndi ka mbala, ndipo kayesedwe usana mu November kuti ndi ana omwe akadziwe. Kumene fakitale iri pafupi, tipemphe kuti wezulo wache athandize. Koma mpfuu wopanda kothawira ungobalalitsa anthu mu mdima. Malo othawirako asankhidwe tsopano, dzuwa liri kuwala, ndipo musayese kuti sukulu iri yonse kapena chalichi chiri chonse ndi malo abwino. Zina zamangidwa pansi pa mtunda, zina njira yache idutsa pa khwawa. Thawirani cham'mbali, kuchoka m'njira ya khwawa, osati kutsika nalo. Ndipo nkhalamba, opunduka ndi amai apakati alembedwe maina, yense ndi mnyamata wache womnyamula. Mai uja tinampeza Lachitatu anali ndi adzukulu amphamvu m'mudzi momwemo.

Tsopano ndifika pa chinthu chimene chiri m'manja mwa Mafumu okha, ndipo ndicho chachikuru pa zonse ndanena. Wochenjeza adzalakwitsa. Padzakhala usiku umene ng'oma idzalira, anthu adzagona pa simenti ya sukulu ndi ana olira, ndipo m'mawa phiri lidzakhala chiimire. Pamenepo mudzi udzatembenukira mai wa chingwe uja ndi mau oŵaŵa. Ena adzati watichititsa kubedwa nkhuku, ena adzati afuna kuchuka kwa a mabungwe. Ndipo tsiku limene adzanena zoona, phiri nkutsikadi, padzapezeka wina wonong'ona kuti, anadziwa bwanji ngati si mfiti? Tidziwa midzi yathu, tisabisane. Ngati Mfumu siimirira pa bwalo mvula isanayambe ndi kunena kuti, munthu uyu ndamuika ndine, akalakwa mlandu ndi wanga, womnyoza wanyoza ine, palibe adzalimba mtima kuimba ng'oma kachiwiri. Kugona kusukulu usiku utatu pachabe ndi mtengo wochepa. Za mbala, ndi zoona kuti anthu ambiri akana kuchoka chifukwa cha mbuzi ndi matumba a chimanga. Chotero Mfumu iike alonda oyang'anira njira zolowera m'mudzi ali pa malo otetezeka, ndipo mbala ya pa usiku wa ng'oma iweruzidwe kolimba ndi kuperekedwa ku polisi. Ndikumbutsanso kuti zimenezi zisachitike ndi chikwapu. Malimidwe a m'zaka za 1950 anali ndi nzeru zina zabwino za kusunga nthaka, koma popeza anadza ndi faindi ndi ndende, anthu anawada, ndi migula yomwe.

Chotsala ndi mangawa athu kwa anansi a kumunsi. Madzi a Nswadzi, Luchenza ndi Thuchila onse atsirizira mu Ruo, ndipo Ruo atsikira ku Chiromo. Mbali ya kumadzulo Mwamphanzi, Maperera, Livunzu ndi Nkhate agwera ku chigwa cha Shire. Nthaka yathu ikakhuta, dontho liri lonse logwa pambuyo pache lithamangira kwa iwo, ndipo chigumula chiwapeza nthawi zina kwao kusanagwe mvula. Mu 1997 madzi anadula njanji pa Chiromo. Mu January 2015 Ruo anasiya njira yache nadzera m'midzi ya ku Makhanga, ndipo chaka chimenecho anthu pafupi 230,000 anachotsedwa m'nyumba zao m'dziko muno. Mu January 2022 namondwe Ana anawamizanso. Kope la pa chitsime cha ku Thyolo liri ndi phindu kwa anthu a Mfumu Mlolo ndi a Mfumu Makhuwira monga liri nalo kwa ife. Ndipempha Mafumu athu a Ndodo alemberane ndi anzao a kumeneko, apatsane manambala a lamya a anthu awiri kapena atatu mbali iri yonse, kuti mau atsike phiri madzi asanatsike. Ndalama yache ndi ya mayunitsi okha, ndipo ndiyesa thumba la Bungwe likhoza kuisenza miyezi isanu.

Chotero, Wapampando, ndiika pamaso pa msonkhano kuti Mlembi alembe makalata awiri sabata ino, ina kwa Bwana D.C. yoitana a Zanyengo ndi a za miyala, ina kwa oyang'anira minda ya tiyi yopempha chiwerengero cha mvula. Ndiponso kuti Gulupu ali yense abwere ku msonkhano wa November ndi dzina la chitsime chimene asankha, dzina la munthu wa chingwe, ndi malo othawirako. Ine ndalankhula kale ndi amene andiyang'anira pa nchito, ndipo abvomera kuti chiwerengero cha pa ofesi yathu ndizitumiza kwa Magulupu awiri oyandikana nafe kuyambira pa 1 December. Chingwe cha chitsanzo ndabwera nacho, chiri pa thebulo la Mlembi pamodzi ndi kope lojambula mizere yache; amene afuna kuona kayesedwe kache atsale pang'ono titatseka msonkhano, tipite ku chitsime cha kuseri kwa bwalo.